Madokotala a Ziweto Amene Anayeza Magazi a Ana a ku Kabwe: Mbiri ya KAMPAI

Ku Kabwe, tauni yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka, mwana amatha kudwala popanda kulumidwa ndi udzudzu kapena kumwa madzi oipa. Matenda ena ali m'dothi lomwe amakwawapo. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa m'tauniyi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidakali pabwalo la nyumba, m'misewu ndi m'malo osewerera a ku Kasanda, Makululu, Chowa ndi makomboni ena oyandikana ndi mgodiwo.

Manambala ambiri amene boma, mabungwe ndi maloya amatchula lero akamakamba za vutoli anachokera ku gulu limodzi la akatswiri. Gululi ndi mgwirizano wa University of Zambia ndi Hokkaido University ya ku Japan, umene kuyambira mu 2016 unadziwika ndi dzina loti KAMPAI. Amene anayambitsa ntchitoyi sanali madokotala a ana. Anali madokotala a ziweto, ndipo njira imene inawafikitsa pa magazi a ana inadutsa pa makoswe, ng'ombe ndi nkhuku.

Tauni yobadwa ndi mgodi

Miyala ya mtovu ndi zinki inadziwika kwa azungu pamalopa mu 1902, pamene katswiri wa migodi T. G. Davey anaipeza n'kutcha malowo Broken Hill, potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, ndipo tauni inakula mozungulira mgodi ndi ng'anjo zosungunulira miyala. Mu 1921 anthu okumba anapezamo chigaza cha munthu wakalekale chimene mpaka lero chikusungidwa ku Natural History Museum ku London. Dzina loti Kabwe linalowa m'malo mwa Broken Hill mu 1966, dziko litalandira kale ufulu. Kampani ya Anglo American inali ndi dzanja pa mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Kenako unayendetsedwa ndi makampani a boma, ndipo womaliza anali ZCCM, amene anautseka.

Kwa zaka pafupifupi 90, utsi wa ng'anjo unkagwetsa timibulu ta mtovu pa nyumba za antchito. Mphepo ya kuderali imawomba kwambiri kulowera kumadzulo, komwe kuli Kasanda ndi Makululu. Ngalande yotaya madzi a mumgodi inkadutsa pafupi ndi Chowa. Mgodi utatsekedwa panatsala phiri la zotsalira za ng'anjo ndi miyala, lomwe anthu amalitcha Black Mountain. Mtovu suola ndipo sutha ndi mvula. Umakhala m'dothi la pamwamba, n'kumauluka ndi fumbi chilimwe chilichonse.

Zimene mtovu umachita m'thupi la mwana

Madokotala amayeza mtovu powerenga mamaikulogalamu amene ali mu desilita imodzi ya magazi. Maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu, ndipo desilita ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a lita. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene tingati ndi wabwino m'thupi. Ku America, bungwe la CDC linaika 5 ngati mlingo wofunika kuchitapo kanthu mu 2012, ndipo mu 2021 linautsitsa kufika pa 3.5. Mwana akafika pa 45, madokotala amaganizira zomupatsa mankhwala okoka mtovu m'magazi kuti utuluke ndi mkodzo. Ukapitirira 70, ubongo umatha kutupa, mwana n'kuyamba kukomoka, ndipo ena amamwalira.

Mwana wamng'ono ndiye amavutika kwambiri pazifukwa zodziwika. Amakwawa, amaika zala ndi zinthu m'kamwa, ndipo matumbo ake amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi a munthu wamkulu. Thupi limautenga ngati kasiyamu n'kuusunga m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri. Mtsikana amene anakulira m'fumbi lotere akadzakhala ndi pakati, mtovu wa m'mafupa ake umabwerera m'magazi n'kufika kwa mwana wosabadwayo. Mwana wosowa ayironi ndi kasiyamu m'chakudya amayamwa wochuluka kuposa mnzake wodya bwino, motero umphawi umawonjezera vutolo.

Chovuta n'chakuti nthawi zambiri matendawa saonekera. Mwana amangokhala wofooka, wochepa magazi, wodandaula m'mimba, wochedwa kulankhula, kapena wovutika kugwira za m'kalasi. Kholo likhoza kuganiza za malungo, njoka za m'mimba kapena ulesi. Popanda kuyeza magazi, ngakhale dokotala waluso sangatsimikize.

Amene anaona poyamba

Vutoli silinadziwike dzulo. Dr Ian Lawrence, yemwe anali dokotala wa pamgodipo cha mu 1969 ndi 1970, anadzafotokoza patapita zaka zambiri, mu umboni woperekedwa kukhothi, kuti imfa za ana a m'makomboni a antchito zinamudetsa nkhawa. Anati anayezetsa magazi a ana pafupifupi 500 n'kupeza kuti ochuluka anali ndi mtovu woopsa. Pambuyo pake dokotala wina, A. R. L. Clark, anafufuza nkhaniyi pakati pa 1971 ndi 1974. Anayeza mpweya, dothi ndi magazi, ndipo zimene anapeza anazilemba mu 1975 pa maphunziro ake ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Mu 1977 anasindikiza zotsatira zina zosonyeza kuti mtovu umadutsa kuchokera kwa mayi kupita kwa khanda lisanabadwe.

Ntchito zimenezi zinali zolondola, koma zinali za munthu mmodzimmodzi. Dokotala akachoka, funsolo linkachoka naye. Panadutsa zaka zambiri dziko lisanayambe kuikapo mtima. Mu 2003 World Bank inathandiza kuyambitsa Copperbelt Environment Project, imene inagwiranso ntchito ku Kabwe mpaka 2011: anayeza dothi, anayeretsa ngalande, anayeza ana ndi kupatsa ena mankhwala. Kafukufuku wa nthawi imeneyo anapeza kuti dothi la ku Kasanda linali ndi mtovu wokwana mamiligalamu pafupifupi 3,000 pa kilogalamu, pomwe malire amene America inkagwiritsa ntchito pa malo osewerera ana anali 400. Mu 2006 ndi 2007 bungwe la Blacksmith Institute, lomwe tsopano limatchedwa Pure Earth, linaika Kabwe pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa kwambiri padziko lonse. Koma pulojekiti ili ndi tsiku lake lothera. Chimene chinkasowa ndi nyumba ya maphunziro ya m'dziko momwemo imene ikanasunga funsoli chaka ndi chaka, kuphunzitsa anthu ake, ndi kubwereranso kukayeza.

Sukulu yomangidwira ng'ombe

Nyumba imeneyo inapezeka kumene anthu sankayembekezera. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, koma kwa zaka zambiri inalibe sukulu ya madokotala a ziweto. Ng'ombe zinkafa ndi matenda obwera ndi nkhupakupa ndi kashembe, ndipo madokotala a ziweto obadwira m'dzikomo anali owerengeka. Boma la Kenneth Kaunda linapempha thandizo ku Japan. Sukuluyo inayamba mu 1983, ndipo nyumba zake, zomangidwa ndi ndalama za boma la Japan, zinatha mu 1986. Inapatsidwa dzina la Samora Machel, mtsogoleri wa Mozambique amene anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini mu Okutobala chaka chomwecho akuchokera kumsonkhano ku Zambia.

Aphunzitsi ambiri a ku Japan amene anabwera kudzathandiza kudzera ku bungwe la boma la Japan la JICA anali ochokera ku Hokkaido University, yomwe ili mumzinda wa Sapporo. Ophunzira a ku Zambia nawonso anayamba kupita kumeneko kukachita maphunziro apamwamba. Ubale umenewu sunathe pamene thandizo loyamba linatha. Mu 2007 Hokkaido inatsegula pasukulupo malo ofufuzira matenda ochoka ku nyama kupita kwa anthu, ndipo mu 2012 inatsegula ofesi yake ku Lusaka.

Mwa amene anadutsa njira imeneyi munali Dr John Yabe, mphunzitsi wa pasukuluyi, yemwe anakachita maphunziro a udokotala wa kafukufuku ku Hokkaido. Kumeneko anagwira ntchito ndi Pulofesa Mayumi Ishizuka, katswiri wa za poizoni m'matupi a nyama, pamodzi ndi Yoshinori Ikenaka ndi Shouta Nakayama. Funso lawo loyamba linali la dokotala wa ziweto weniweni: kodi nyama za pafupi ndi migodi ya ku Zambia zili ndi chiyani m'chiwindi ndi mu impso, ndipo munthu wodya nyamayo akudya chiyani?

Makoswe, ng'ombe, nkhuku, kenako ana

Anayamba ndi dothi ndi matope a m'mitsinje m'madera osiyanasiyana a dzikolo, ndipo Kabwe inaonekera payokha. Mu 2011 anasindikiza zotsatira za makoswe ogwidwa pafupi ndi mgodi, omwe anali ndi mtovu wochuluka m'ziwalo kuposa a ku Lusaka. Chaka chomwecho anatulutsa za ng'ombe. Mu 2013 zinatuluka za nkhuku, ndipo apa panali phunziro lalikulu. Nkhuku zachikuda, zomwe zimayenda pabwalo n'kumatola chakudya m'dothi, zinali ndi mtovu wopitirira malire a chakudya cha munthu. Nkhuku zoweteredwa m'khola, zodya chakudya chogula, zinali ndi wochepa kwambiri ngakhale zinali m'tauni yomweyo. Kusiyana kwake kunali dothi.

Pabwalo pomwe nkhuku imapalasa ndi pomwenso mwana amakwawa. Mu 2012 gululi, litalandira chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku pa anthu ku yunivesite ndiponso cha Unduna wa Zaumoyo, linapita kuzipatala zing'onozing'ono za ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Makolo atavomera, ogwira ntchito zachipatala anatenga magazi a ana 246 a zaka zosapitirira 7. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Pafupifupi mwana aliyense anapitirira mlingo wa 5. Ku Kasanda, ana 57 pa 100 alionse anapitirira 65. Ku Makululu anali 25 pa 100 alionse, ku Chowa 18. Ana 8 anapitirira 150, ndipo mmodzi anafika pa 427.8.

Kafukufuku wina, wochitidwa mu Julayi 2014 ndi gulu la Blacksmith Institute, anayeza ana 196 a zaka 2 mpaka 8 n'kupeza kuti mlingo wapakati unali 48.3, ndipo wotsikitsitsa unali 13.6. Magulu awiri osiyana anapeza chinthu chimodzi. Mu 2018 dokotala wa ana wa ku yunivesite ya LMU ku Munich, Stephan Böse-O'Reilly, pamodzi ndi Yabe ndi anzawo, anaphatikiza zotsatira za zaka zingapo. Anapeza kuti m'makomboni okhudzidwa kwambiri, ana oposa 95 pa 100 alionse anapitirira 10, ndipo pafupifupi theka anali pa 45 kapena kuposa, kutanthauza kuti ankafunika chithandizo cha mankhwala. Mgodi unali utatsekedwa zaka zoposa 20, koma magazi a ana ankaoneka ngati ng'anjo zidakayaka.

Kubadwa kwa KAMPAI

Manambala otere sakanasiyidwa m'manja mwa dipatimenti imodzi. Dziko la Japan lili ndi ndondomeko yotchedwa SATREPS, yomwe inayamba mu 2008, mmene mabungwe a JICA ndi JST amalipirira pamodzi kafukufuku wa akatswiri a ku Japan ndi a m'mayiko osauka. Pempho la Hokkaido ndi University of Zambia linavomerezedwa, ndipo ntchito inayamba mu 2016 ndi dzina loti Kabwe Mine Pollution Amelioration Initiative, mwachidule KAMPAI. Ishizuka ndiye ankatsogolera mbali ya Japan.

Chimene chinasintha ndi kukula kwa bwalo. Madokotala a ziweto anakhala pamodzi ndi akatswiri a zaumoyo wa anthu, a migodi, a zaulimi, a zachuma, ndi odziwa kuwerenga zithunzi zojambulidwa ndi makina a m'mlengalenga. Unduna wa Zaumoyo, ofesi ya zaumoyo ya boma la Kabwe, khonsolo ya tauniyo ndi bungwe loona za chilengedwe la ZEMA anakhala nawo. Ntchito inagawidwa patatu: kudziwa mmene mtovu umayendera m'dothi, m'madzi ndi mumpweya, kudziwa zimene ukuchita pa thanzi ndi pachuma cha mabanja, ndi kuyesa njira zokonzera dothi zomwe dziko losauka lingakwanitse. Kumbali ya Zambia kunali aphunzitsi monga Kaampwe Muzandu ndi Kennedy Choongo a kusukulu ya ziweto, ndi Nosiku Munyinda wa zaumoyo wa anthu. Wofufuza wachinyamata wa ku Japan, Hokuto Nakata, anakhala nthawi yaitali m'dzikomo akuyendetsa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pasukulu ya ziweto ku Lusaka anakhazikitsa labotale yoyezera zitsulo, kuti zinthu zoyezedwa zisamangodalira kutumizidwa ku Sapporo.

Kafukufuku wa 2017

Ntchito yaikulu ya KAMPAI pa thanzi la anthu inachitika m'nyengo yozizira ya 2017. Kafukufuku wam'mbuyomo ankayang'ana makomboni omwe ankadziwika kale kuti ndi oipa, ndipo ankayeza ana amene makolo awo abwera nawo. Njira imeneyo imasonyeza kuti vuto lilipo, koma sinena kukula kwake m'tauni yonse. Ulendo uno akatswiri a zachuma, mothandizana ndi ofesi ya boma yowerengera anthu, anasankha mabanja mwamaere m'boma lonse la Kabwe, kuyambira pafupi ndi mgodi mpaka kumidzi. Anayeza anthu 1,190 ochokera m'madera 13: ana 291 a miyezi itatu mpaka zaka zitatu, ana 271 a zaka 4 mpaka 9, amayi 412 ndi abambo 216.

Zotsatira zinajambula mapu omveka. Ku Kasanda mlingo wapakati unali 45.7, pomwe ku Hamududu, dera lakumudzi lomwe lili kutali ndi mgodi, unali 3.3. Mlingo unkatsika munthu akamatalikira mgodi, ndipo unali wokwera kumbali yomwe mphepo imawombera. Ana anali ndi mtovu wochuluka kuposa makolo awo a m'nyumba yomweyo, makamaka a zaka pafupifupi ziwiri, msinkhu umene mwana amayenda yekha koma chilichonse chimapitabe kukamwa. Daichi Yamada ndi anzake, pogwiritsa ntchito manambalawa, anawerengera mu 2020 kuti mlingo wapakati wa anthu onse a ku Kabwe unali 11.9, ndipo anthu pafupifupi 75 pa 100 alionse anapitirira 5. Nkhani sinalinso ya makomboni atatu. Inali ya tauni yonse.

Panali mafunso enanso amene dokotala wa ana angafunse. Gululi linayeza chimbudzi ndi mkodzo wa ana, ndipo mtovu wochuluka m'chimbudzi unasonyeza kuti anawo akuumeza tsiku ndi tsiku. Mtovu wochokera mumgodi umodzi uli ndi chizindikiro chake chimene makina amatha kuchizindikira, ndipo poyerekeza chizindikirocho m'magazi, mumkaka wa m'mawere, m'chimbudzi cha makanda ndi m'dothi, anapeza kuti mkaka umapereka gawo lake koma dothi ndi fumbi zili patsogolo. Anayeza mmene mtovu umalepheretsera thupi kupanga magazi. Anafunsanso amayi za umoyo wawo, n'kupeza kuti mayi amene mwana wake ali ndi mtovu wochuluka amakhala wolemedwa m'maganizo. Sanaiwale ntchito yawo yakale: anayeza agalu a m'makomo, ndipo magazi a agaluwo anatsata mapu omwewo a anthu, zomwe zikutanthauza kuti galu angachenjeze mudzi ana asanayezedwe.

Kanthu kena kooneka kakang'ono kanali kofunika kwambiri kuzipatala. Kachipangizo koyezera mtovu pompopompo, kotchedwa LeadCare II, kamawerenga kuyambira 3.3 mpaka 65 basi. Kanapangidwira mayiko kumene mwana wopitirira 65 ndi wosowa. Ku Kasanda ana otere anali ambiri, ndipo kachipangizoko kankangosonyeza kuti mlingo wakwera, osanena kuti wafika pati. Ofufuzawo anayesa njira yosungunula magaziwo asanawayeze, n'kuyerekeza zotsatira zake ndi za makina aakulu a mu labotale, kuti namwino wa ku Kabwe adziwe pomwe kachipangizoko kangadaliridwe.

Kukonza dothi

Mwana wopatsidwa mankhwala akabwerera pabwalo lomwe lija, mtovu umakweranso. N'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchito ya KAMPAI linali la dothi. Akatswiri a migodi anayesa kusakaniza zotsalira za mumgodi ndi mwala wa dolomaiti wootchedwa kuti mtovu usasungunuke n'kulowa m'madzi. Ena, kuphatikizapo Marthias Silwamba wa ku Zambia, anayesa njira yochotsa mtovu ndi zinki m'zotsalirazo kuti zitsulozo zigulitsidwe ndipo chotsalacho chichepe ululu. A zaulimi anayesa manyowa a nkhuku ndi udzu wa mandimu pofuna kuphimba nthaka ndi kumanga mtovu m'dothi, ndipo anayezanso chimanga cholimidwa pafupi ndi mgodi. Enanso anawerengera pakompyuta mmene mphepo imanyamulira fumbi kuchokera paphiri la zotsalira kupita kumakomboni.

Zonsezi zinali zoyesera pa malo aang'ono. Yunivesite ingasonyeze kuti njira ina ikugwira ntchito pa munda woyeserera, koma ilibe mphamvu kapena ndalama zophimbira phiri la matani mamiliyoni angapo.

Pakati pa kuyeza ndi kuchiza

Malire a bungweli anaonekera poyera pa nkhani ya chithandizo. KAMPAI inali ya kafukufuku, osati chipatala. Kuchiza ana kunali m'manja mwa boma, ndipo ndalama zake zinayembekezeka kuchokera ku pulojekiti ina ya World Bank, yotchedwa ZMERIP, imene inavomerezedwa mu Disembala 2016 ndi ndalama zokwana madola 65.6 miliyoni za Kabwe ndi matauni ena a migodi. Ntchitoyo inachedwa kuyamba. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena kuti zipatala za boma ku Kabwe zinalibe mankhwala ochotsa mtovu ngakhale zipangizo zoyezera. Kuyeza ndi kuchiza ana kunadzayamba pambuyo pake, pamodzi ndi kukonza mabwalo a nyumba zina ndi ngalande, ndipo mapu amene ofufuza anajambula anathandiza kudziwa kumene kuli ana ovutika kwambiri. Phiri la zotsalira linatsala chikhalire. Anthu osowa ntchito amakumbamo kufunafuna miyala yogulitsa, ndipo magalimoto onyamula zotsalirazo amadzutsa fumbi latsopano.

Manambalawo anafikanso kukhothi. Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele, mothandizana ndi a Leigh Day a ku London, anakasuma kampani ya Anglo American South Africa kukhothi lalikulu ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000 a ku Kabwe. Kampaniyo imakana mlandu. Imati inali ndi gawo lochepa chabe mu kampani yoyendetsa mgodiwo, ndipo udindo unapita kwa amene anautenga boma litalowererapo. Mu Disembala 2023 khothi linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, koma mu 2024 odandaulawo analoledwa kuchita apilo. Pamkangano wonsewo mbali ziwirizi zinkalimbana pa funso loti wolakwa ndani ndipo mtovu wa m'dothi ndi wa zaka ziti. Zoti ana a ku Kabwe ali ndi mtovu m'magazi sizinalinso zokanganirana.

Chimene chinatsala

KAMPAI inatha mu 2022, mliri wa COVID-19 utaichedwetsa. Poiweruza ndi funso loti kodi ana a ku Kasanda asiya kumeza mtovu, yankho ndi ayi, ndipo sikukanatheka kuti gulu la aphunzitsi a yunivesite lichite zimenezo lokha. Poiweruza ndi ntchito imene bungwe la maphunziro liyenera kugwira, inasiya zinthu zitatu zogwirika. Choyamba ndi muyeso wa tauni yonse wa chaka cha 2017, umene aliyense wodzanena kuti wakonza Kabwe adzayenera kuyerekeza nawo ntchito yake. Chachiwiri ndi akatswiri a ku Zambia, a ziweto, a migodi, a zaulimi ndi a zachuma, amene anachita maphunziro apamwamba pa nkhaniyi ndipo ena akuphunzitsa achinyamata. Chachitatu ndi chizolowezi chogwirira ntchito pamodzi. Dokotala wa ana amaona mwana atadwala kale. Wa ziweto amaona nkhuku ndi galu za pakhomo lomwelo, wa migodi amadziwa kumene fumbi likuchokera, ndipo wa zachuma amadziwa kusankha mabanja kuti manambala aimire anthu onse. Palibe mmodzi wa iwo akanajambula yekha mapu a Kabwe.

Mizu ya zonsezi ndi sukulu imene inamangidwa mu 1986 pofuna kupulumutsa ng'ombe, ndi ubale wa mayunivesite awiri umene unasamalidwa zaka zoposa 30 usanabale chipatso chimenechi. Boma lomanga sukulu silidziwiratu funso limene sukuluyo idzayankhe.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a kutali ndi Kabwe. Ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique akukumba malasha. Ku Malawi kuli mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, ndipo ntchito za migodi zikukonzedwa ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Miyala yake ndi yosiyana ndi ya ku Kabwe ndipo zoopsa zake n'zosiyananso, koma funso la kachitidwe ndi limodzi. Ku Kabwe magazi a ana anayamba kuyezedwa mgodi utagwira kale ntchito zaka zoposa 60, ndipo muyeso woimira tauni yonse unabwera patatha zaka 23 utatsekedwa. N'chifukwa chake lero maloya akukangana za zaka zimene palibe anayeza. Malawi ali ndi madokotala a ana ofufuza ku Kamuzu University of Health Sciences ndi kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ali ndi sukulu ya madokotala a ziweto ku LUANAR, ndipo ali ndi akatswiri a nthaka ndi madzi. Nthawi yoti iwowa ayeze dothi, madzi, ziweto ndi ana a m'midzi yozungulira mgodi ndi pamene mgodiwo usanayambe, zotsatira zake n'kusungidwa ndi yunivesite, pamalo pomwe mfumu ya mudzi, namwino wa pachipatala chaching'ono ndi woweruza milandu angazipeze akadzazifuna.